Harry Shulman, Nkhoswe ya pa Fakitale ya Ford

Amayi anzathu, pa tsamba lino la mbiri ya anthu amene adatsogola, lero tikumbukire bambo wina wa ku America amene ambiri a ife sitidawamvepo. Dzina lawo ndi Harry Shulman. Adali mphunzitsi wa zamalamulo pa yunivesite ya Yale, koma chimene amakumbukiridwa nacho kwambiri ndi ntchito ina imene adaigwira kwa zaka 12, yoweruza madandaulo pakati pa kampani yopanga magalimoto ya Ford ndi antchito ake. Tawasankha chifukwa cha kamlandu kamodzi, ka mayi amene adadulidwa malipiro a theka la ola chifukwa cha mtundu wa buluku lake. Tifika pamenepo, koma tiyambe ndi kumene mwini wake adachokera.

A Shulman adabadwa pa 14 March 1903 m'katauni kotchedwa Krugloye, kufupi ndi mzinda wa Mogilev. Masiku amenewo deralo lidali mu ufumu wa Russia, lero lili m'dziko la Belarus. Banja lawo lidali la Chiyuda. Myuda wa mu ufumu umenewo sankaloledwa kukhala paliponse pamene wafuna. Boma lidadulira Ayuda malire chakumadzulo kwa dzikolo, ndipo ngakhale m'malirewo sankagona tulo tamtendere. Mwanayu ali ndi mwezi umodzi wokha, anthu achiwawa adaukira Ayuda a mumzinda wa Kishinev napha anthu oposa 40. Mu September chaka chomwecho chiwawa chotere chidabukanso ku Gomel, m'chigawo chomwecho cha Mogilev. Pakati pa 1881 ndi 1914 Ayuda pafupifupi 2 miliyoni adasamuka kum'mawa kwa Ulaya kupita ku America, ndipo banja ili lidali m'khamu limenelo. Lidawoloka nyanja mu 1912, Harry ali ndi zaka 9, n'kukakhazikika ku Providence m'chigawo cha Rhode Island.

Mwanayo adali wanzeru pasukulu. Patangotha zaka 11 chifikireni m'dziko la chilankhulo chachilendo, adalandira digiri ku yunivesite ya Brown mu 1923. Kuchoka apo adapita ku Harvard kukaphunzira malamulo, kumene adatsiriza mu 1926 n'kuwonjezera digiri ina yapamwamba mu 1927. Atagwirako pang'ono ntchito ya uloya ku New York, mu 1929 adatengedwa kukakhala mlembi wothandiza a Louis Brandeis, woweruza wa m'khoti lalikulu kwambiri la dziko la America.

A Brandeis ndiwo adali Myuda woyamba kukhala pa mpando wa m'khoti limenelo. Asanakhale woweruza, mu 1910, adathandiza kuthetsa sitiraka yaikulu ya anthu osoka zovala ku New York, ndipo m'pangano limene lidatuluka pamenepo mudali bwalo lomva madandaulo kuti anthu asamachite kunyanyala ntchito pa nkhani iliyonse. Tsono mnyamata wa ku Providence uja adakhala chaka chathunthu pa mapazi a munthu amene ankaidziwa ntchito yoyanjanitsa mabwana ndi antchito. Mu 1930, ali ndi zaka 27, adayamba kuphunzitsa ku Yale, mumzinda wa New Haven, ndipo sadachokeponso mpaka imfa. Ankaphunzitsa makamaka malamulo a chipukutamisozi, onena za zoyenera kuchitika munthu akavulaza mnzake kapena akamuonongera katundu. Mu 1942 adatulutsa buku la phunziro limeneli pamodzi ndi mnzawo Fleming James.

Kuti timvetse ntchito imene idawadikira ku Ford, tidziwe kaye mmene zinthu zidaliri kumeneko. Mwini kampaniyo, Henry Ford, adali munthu wovuta kumumvetsa. Mu 1914 adadabwitsa dziko pokweza malipiro kufika madola 5 pa tsiku, kuwirikiza kawiri zimene ambiri ankalandira. Koma za bungwe la antchito sankafuna n'kumva komwe. Adali ndi gulu lake la alonda ndi akazitape, mkulu wake Harry Bennett, ndipo wantchito akangomveka akukamba za bungwe ankachotsedwa, mwinanso atamenyedwa kaye. Mu March 1932, pa nthawi ya umphawi waukulu, anthu osowa ntchito adaguba kupita ku fakitale yaikulu ya River Rouge ku Dearborn, kufupi ndi Detroit. Apolisi ndi alonda adawombera mfuti, anthu anayi n'kufa tsiku lomwelo. Pa 26 May 1937 atsogoleri a bungwe la United Auto Workers, mwachidule UAW, mmodzi wa iwo Walter Reuther, adamenyedwa koopsa pa kamlatho ka anthu oyenda pansi pakhomo la fakitale yomweyo, atolankhani akujambula. Amayi amene adabwera kudzagawa timapepala ta bungwe nawonso sadawasiye.

Makampani ena awiri aakulu, General Motors ndi Chrysler, adavomereza bungweli mu 1937. Ford adaumabe khosi mpaka mu April 1941, pamene antchito a ku River Rouge, amene adali oposa 80,000, adatseka fakitale yonse. Mu June chaka chomwecho adasaina pangano. Mmodzi wa akuluakulu a kampaniyo, Charles Sorensen, adalemba m'buku lake kuti amene adamugonjetsa mkuluyo ndi mkazi wake Clara. Akuti mayiyo adaona kuti magazi akhetsedwa mokwanira, ndipo adauza mwamuna wake kuti akapanda kusaina banja lithera pomwepo. Amene tili pa banja zaka zambiri nkhani imeneyi siitidabwitsa.

Kusaina pepala n'kosavuta, chovuta ndi kukhalira limodzi m'mawa mwake. Akapitawo amene adazolowera kulamula popanda wowafunsa sadasinthe tsiku limodzi. Antchito amene adameza mawu zaka zonsezo tsopano ankaimitsa makina pa chilichonse chowakwiyitsa, osadikira ngakhale chilolezo cha atsogoleri awo. Pamwamba pa izi America idalowa m'nkhondo yachiwiri ya padziko lonse mu December 1941. Mafakitale a Ford adasiya magalimoto a anthu wamba n'kuyamba kupanga ndege ndi zida zina za nkhondo, ndipo mabungwe a antchito adalonjeza boma kuti sipakhala sitiraka mpaka nkhondo itatha. Tsono munthu amene walonjeza kuti sanyanyala ntchito, akalakwiridwa apite kwa yani?

Yankho lake lidabwera mu 1943. Kampani ndi bungwe adagwirizana zokhala ndi munthu mmodzi wokhazikika, wosakhala wa mbali iliyonse, amene mawu ake adzakhala otsiriza pa dandaulo lililonse lolephereka pansi. Ankamutcha umpire, dzina la woyimbira masewero a baseball. Amene adasankhidwa ndi a Shulman. Tisaiwale kuti Henry Ford yemweyu, kuyambira 1920 mpaka 1922, nyuzipepala yake ya Dearborn Independent inkafalitsa nkhani zonyoza Ayuda sabata ndi sabata, ndipo adadzapepesa mu 1927 atasumiridwa. Tsopano kampani yake idavomera kumvera chigamulo cha Myuda wobwera kuchokera ku Russia.

Dongosolo lake lidali lotere. Wantchito akaona kuti walakwiridwa, ankauza nthumwi ya bungwe ya m'chigawo chake, ndipo nthumwiyo inkakambirana ndi kapitawo. Zikakanika, nkhani inkakwera kwa akuluakulu a mbali zonse ziwiri. Zikakanikanso pamenepo ndiye inkafika kwa a Shulman. Iwo sadali woweruza wa boma. Adalibe apolisi, adalibe ndende. Malipiro awo ankachokera ku kampani ndi ku bungwe komwe, ndipo mbali imodzi ikadangotaya nawo chikhulupiriro, ntchito yawo ikadathera pomwepo. Mphamvu yawo idali yomasulira pangano limene eni ake adalemba, osati kulembanso lina. Tikafuna chofanizira kwathu kuno, ntchitoyi ikufanana kwambiri ndi ya ankhoswe. Woweruza wa kukhoti akagamula, anthu awiriwo amabalalika ndipo mwina sadzaonananso. Nkhoswe imadziwa kuti amene akukangana lerowa mawa adzuka m'nyumba imodzi. Momwemonso kapitawo ndi wantchito, mlandu ukatha Lachisanu, Lolemba m'mawa akumana pa makina omwewo.

N'chifukwa chake a Shulman sankathamangira kugamula. Ankakhala ndi anthu a mbali iyi ndi iyo, kufunsa, kumvetsera, kufufuza chimene chikuwawa kwenikweni, pakuti nthawi zambiri dandaulo lolembedwa pa pepala limakhala chophimba chabe. Milandu ina ankaisunga osaigamula msanga, kuti eni ake mitima ikatsika apeze okha njira. Si onse ankakondwa nazo zimenezi, ndipo ifenso sitinganene kuti odandaulawo adalibe mfundo. Akulu adati mlandu suwola, koma munthu amene waimitsidwa ntchito ana ake amafuna nsima tsiku lililonse.

Zigamulo zawo zazikulu ankazilemba ndi kuzipatsa manambala. Ziwiri zimene zidatchuka kwambiri zidatsatana, zonse za mu 1944, A-116 ndi A-117, ndipo tiyenera kuziwerenga pamodzi.

Choyambacho chidali cha nthumwi ya bungwe ya ku River Rouge. Kampani idatuma antchito ena kuti akagwire kwa kanthawi ntchito ina yosakhala yawo ya masiku onse. Nthumwiyo idaona ngati uku n'kuphwanya pangano, ndipo idauza anthuwo kuti asapite. Kampani idailanga, nkhani n'kufika kwa a Shulman. Iwo adati nthumwiyo idalakwa. Maganizo awo adali akuti fakitale cholinga chake ndi kupanga zinthu, ndipo ntchito singaime kudikira kuti mtsutso uliwonse uthe. Wina ayenera kukhala ndi mphamvu yolamula pa nthawiyo, ndipo mphamvuyo ili ndi kapitawo. Wantchito amvere kaye, kenaka akadandaule, ndipo akapezeka kuti adali wolungama adzabwezeredwa zake. Koma adaikapo malire. Munthu sakakamizidwa kumvera lamulo lomuuza kuchita chinthu chophwanya malamulo a dziko, kapena loika thanzi lake pa ngozi yoposa ya masiku onse.

Ife amene tidagwirapo ntchito ya unamwino lamulo ili timalidziwa. Sisitala akati usiku uno upite ku wodi ina, umapita, pakuti wodwala sangadikire kuti anamwino atsirize kukangana. Koma timadziwanso kulemera kwake. Amene amauzidwa kuti amvere kaye nthawi zonse ndi wamng'ono. Bwana amayamba wachita zimene akufuna, wantchito ndiye amadikira chilungamo. Lamulo lotere limakhala lachilungamo pokhapokha ngati kutsogoloko kulidi khutu loti limve. Pamene khutulo palibe, kumvera kaye kumangosanduka kumvera basi, ndipo mabwana ambiri amakonda theka loyamba la lamuloli n'kuiwala lachiwiri.

Apa m'pamene chigamulo chotsatira, A-117, chimatipatsa chidwi. Amuna ambiri atapita kunkhondo, amayi zikwizikwi adalowa m'mafakitale, kugwira ntchito zimene kale ankati n'zachimuna. Pa makina diresi ndi ngozi, choncho ankavala mabuluku. Kwa ife amene tidakula pamene lamulo la dziko lathu linkaletsa akazi buluku, kuyambira 1973 mpaka 1993, zimenezi zimamveka zachilendo, koma kumeneko buluku ndilo lidali chovala cha pantchito. Tsiku lina mayi wina adabwera atavala buluku lofiira kuti psuu. Akuluakulu ake adamulembera chidzudzulo ndipo adamudula malipiro a theka la ola. Chifukwa chake adati mtundu wowala chotero ungasokoneze maso a antchito anzake, makamaka aamuna, n'kuchititsa ngozi kapena kuchedwetsa ntchito.

Theka la ola! Ambiri akadamuuza kuti angozisiya. Koma mayiyo adadandaula, bungwe lidanyamula dandaulolo sitepe ndi sitepe, mpaka lidafika pa tebulo la pulofesa wa ku Yale, nkhondo ili mkati. A Shulman sadalitaye ngati nkhani yachibwana. Adavomereza kuti kampani ili ndi udindo woteteza antchito ku ngozi, ndipo ikhoza kuika malamulo a kavalidwe ngati yaona kuti n'kofunika. Ndiye adafunsa: lamulolo lili kuti? Padalibe lamulo lolembedwa lonena mitundu yoletsedwa. Kampani idati aliyense ankadziwa kuti mitundu yowala siifunika, koma zidaoneka kuti mabuluku obiriwira owala palibe ankawaletsa. Za zovala zina, kapena za kasokedwe kake, palibe chimene chidanenedwa. Adaponyamonso nthabwala yakuti ng'ombe yamphongo ndiyo amati imatekeseka ndi chofiira, koma amuna a maso akuthwa, amene Achimereka amawatcha mimbulu, amakopeka ndi mtundu uliwonse. Mfundo yawo idali yakuti nkhani yonse idasiyidwa m'manja mwa amene ali ndi udindo tsikulo ndi mmene wadzukira, ndipo malamulo a khalidwe saikidwa kapena kutsatidwa motero. Adalamula kuti chidzudzulocho chifufutidwe m'faelo ya mayiyo, ndipo abwezeredwe ndalama zake za theka la ola.

Tinene zoona, sadafike pamene ena a ife tikadafuna. Sadanene kuti mwamuna aziyang'anira maso ake yekha m'malo molanga mkazi. Adali munthu wa nthawi yake, komanso mphamvu yawo inkalekezera pa pangano. Koma taonani chimene adachita. M'chigamulo chimodzi adauza antchito kuti kapitawo amveredwe, ndipo m'chigamulo chotsatira adauza kapitawo kuti sangalange munthu pa lamulo limene lili m'mutu mwake mokha. Anthu a m'fakitale adaona ndi maso awo kuti kudandaula kuja si mawu chabe, popeza ngakhale theka la ola la mayi wamba lidabwerera kwa mwini wake.

Si kuti sitiraka idatheratu. Nkhondo itatha, Henry Ford II, mdzukulu wa mwini kampani, adatenga utsogoleri mu 1945 n'kuchotsa Bennett. Koma mu May 1949 antchito oposa 60,000 adanyanyala ntchito kwa masabata oposa atatu. Nkhani yake idali liwiro la lamba woyenda, amene amanyamula galimoto yosamalizidwa kuchoka kwa wantchito uyu kupita kwa uyo. Makina akaonongeka kwa kanthawi, akapitawo ankathamangitsa lambayo kuti abweze nthawi yotayika, anthu n'kumagwira ntchito mopitirira muyeso. Pomaliza mbali ziwirizo zidapereka nkhaniyi kwa anthu atatu: wa kampani, wa bungwe, ndi a Shulman pakati. Chigamulo chidapendekera kwa antchito pa nkhani yothamangitsa lamba, koma mphamvu yoika muyeso wa ntchito idatsala ndi kampani. Zonsezi ankazichita akuphunzitsabe ku New Haven, mtunda wautali kuchokera ku Detroit. Mu 1949 momwemo adatulutsa buku la milandu ya pantchito pamodzi ndi Neil Chamberlain.

Mu 1954 adasankhidwa kukhala mkulu wa sukulu ya zamalamulo ya Yale. Sadakhalitse pa mpandowo, pakuti matenda a khansa adali atawagwira. Mu February 1955 adabwerera ku Harvard, kumene adaphunzira, kukakamba nkhani imene idasonkhanitsa zonse zimene adaphunzira kwa Ford. Adati pangano la pantchito silingalembe chilichonse chimene chidzachitike, monga momwe palibe angalembe pasadakhale mikangano yonse ya anthu okhalira limodzi. Adati woyanjanitsa si woweruza wotumidwa ndi boma, koma ndi chiwalo cha dongosolo limene eni ake adadzipangira kuti adzilamulire okha, ndipo amakhalapo malinga ngati eni akewo akumufuna. Adachenjezanso kuti makhoti asalowerere kwambiri nkhanizi. Ngati anthu afika potengerana kukhoti, ndiye kuti chimene chinkawagwirizanitsa chafa kale, ndipo lamulo silingachiukitse. Mawu amenewa adachokera pakamwa pa mkulu wa sukulu yophunzitsa maloya. Patangopita milungu yochepa, pa 20 March 1955, adamwalira ali ndi zaka 52.

Chodabwitsa n'chakuti makhoti adawalemekeza powachita zimene adakana. Mu June 1960 khoti lalikulu la America lidagamula milandu itatu ya bungwe la antchito a m'mafakitale a zitsulo. Woweruza amene adalemba zigamulozo, William O. Douglas, adaphunzitsapo limodzi ndi a Shulman ku Yale, ndipo adagwiritsa ntchito nkhani yawo ya ku Harvard ija. Zigamulozi zidalimbitsa mphamvu ya makhoti yokakamiza kampani imene idalonjeza kupita kwa woyanjanitsa kuti ipitedi, ndi kuti imvere chigamulo chake. Woyanjanitsa adapeza mphamvu ya boma kumbuyo kwake, chinthu chimene malemuwo adagwira ntchito zaka 12 alibe.

Adasiya mwana wamwamuna, Stephen Shulman, wobadwa mu 1933, amenenso adakhala loya. Mu 1964 dziko la America lidakhazikitsa lamulo loletsa tsankho pantchito chifukwa cha mtundu wa munthu, chipembedzo, kapena chifukwa ndi mkazi. Kuyambira 1966 mpaka 1967 Stephen ndiye adali wapampando wa bungwe la boma loona kuti lamuloli likutsatidwa, Equal Employment Opportunity Commission. Bambo ake adali atagona zaka 11.

Za amayi a m'mafakitale aja, nkhondo itatha mu 1945 ambiri adachotsedwa ntchito, malo awo n'kutengedwa ndi amuna. Chigamulo cha buluku lofiira chidasindikizidwa m'mabuku ophunzitsira malamulo a pantchito, ndipo ophunzira ambiri adachiwerenga akuseka nthabwala ya mimbulu ija. A Shulman adali ndi chizolowezi chobisa mayina a anthu m'zigamulo zawo, choncho m'mabukumo mayi uja amangotchedwa A.